Tiyi Wopanda Shuga

Lolemba, 6 Novembala

Medhat wachotsa mpando wa ababa.

Ndafika m'mawa ndi mathileyi anga a masikono, pakhomo paja pamene pamakhala mpando ndapeza kashelefu ka matiyipoti a maluwamaluwa. Ndamufunsa kuti mpando uli kuti, akuti waukweza pamwamba pa nyumba chifukwa "sukugwirizana ndi chipindachi." Mlongo wanga wa bere limodzi, yemwe ndinkamuchapira matewera ndi manja angawa, lero ndiye katswiri wa zogwirizana ndi zosagwirizana.

Pangano lathu linali limodzi lokha. Chaka chatha, mutu wa ababa utayamba kusokonekera, iye anati ahwa yathu, malo a ababa omwerako tiyi aja, yatha ntchito, anthu a masiku ano safuna kumwera tiyi mu utsi ndi phokoso la madomino, tiisandutse tiyirumu ya chingerezi. Anapenta makoma, anachotsa wailesi, anapachika makatani a lesi, madala onse n'kusamukira kutsidya kwa msewu, ku ahwa ya Fathi. Ine ndinavomera kumuphikira masikono akewo, koma ndinati mpando wa ababa usasunthe. Dzuwa likapendeka ndimawabweretsa ababawo. Amakhala pamenepo, amamwa tiyi wawo wakuda wa mu tambula, masupuni atatu a shuga, n'kumapatsa moni aliyense wolowa. Zina zonse zikuwathawa. Mayina a adzukulu, tsiku, nthawi zina ngakhale zoti adya kale. Koma njira ya ku ahwa ndi mpando umenewo sanaiwale.

Gwero lake ndi ili: Lachinayi la sabata ya mawa kukubwera mayi wina wa bungwe la Angerezi okhala ku Cairo. Amayendera matiyirumu, ndipo imene waipeza kuti ndi "yeniyeni" amaipatsa kachikwangwani kokhoma pakhomo, mabasi a alendo otsika sitima padoko n'kumaima pamenepo. M. akuti ababa akhale kaye kunyumba mpaka mayiyo adutse.

Kaye. Ndimamudziwa kaye wa Medhat. Wailesi nayo inachoka kaye.

Lachitatu, 8 Novembala

Sukulu yatsegulidwa. M. wafoletsa operekera tiyi onse m'mawa, wawaveka zakuda, akuwaphunzitsa kuyenda osamveka mapazi. Malamulo atsopano: osaitana kasitomala kuti achimwene, osafunsa za ana ndi akunyumba, osaseka mano onse kuoneka. Shuga wachoka pamatebulo. Tsopano ndi tizidutswa m'kambale kovundikira, kobwera pokhapokha munthu akapempha, ndi kachitsulo kake kopanira. Mu Alexandria muno, munthu apemphe shuga ngati akupempha ngongole?

Zonsezi wazitenga pa foni. Ku England sanapondeko. Kutali kumene anafika ndi ku Aswan, ulendo wa sukulu, ndipo anasanza njira yonse. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tatsala pang'ono kugwirana pakhosi pa nkhani ya jamu. Kaya ayambe jamu kirimu abwere pamwamba, kaya ayambe kirimu. Akuti ku England midzi imadana chifukwa cha nkhani imeneyi. Ndati ndiye kuti mavuto alibe anthuwo. Ndipo kirimu wake uti? Ndi eshta ya mkaka wa njati imene ndimagula kwa Umm Reda kumsika, yomweyo timadyera buledi ndi uchi kunyumba. Koma ndamumva ndi makutu angawa akuuza mtsikana wina wa magalasi kuti imabwera pa ndege kuchokera ku Devon, ku England konko. Njati ya Umm Reda itamva ingakomoke.

Chondipweteka n'chakuti anthu akubweradi. Amalowa akuseka, akangoona makatani amatsitsa mawu, amakhala chowongoka ngati akudikira dokotala. Amajambula timasangweji ta nkhaka, amatafuna pakamwa potseka, amatuluka ndi njala. Banja lina ndaliona likutuluka mwaulemu, kungokhota pakona n'kuima pamzere wa falafeli, zitumbuwa za nyemba zija.

Lachinayi, 9 Novembala

Ababa anavala galabeya, mkanjo wawo wotuwa uja, atakhala pafupi ndi chitseko, ndodo m'manja, kundidikira. Ndawanamiza kuti ku ahwa akupenta. Ati chabwino mwanangu, penti imapweteka pachifuwa. Patapita kanthawi afunsanso. Ndanamanso.

Bodza ndi la Medhat, pakamwa ndi panga.

Loweruka, 11 Novembala

A Girgis, mnzawo wa ababa wa madomino, anditchingira panjira ndikuchokera kumsika. Masiku ano amakhala kwa Fathi, tebulo loyang'anizana ndi khomo lathu, ndiye palibe chimawadutsa.

"Tahani, mdala uja mwamubisa kuti? Kapena nayenso sakugwirizana ndi makatani?"

Ndati ali ndi chimfine.

"Chimfine chanzeru, chayamba tsiku limodzi ndi mpando. Umuuze mlongo wakoyo kuti ine Angerezi enieni ndinawaona ndili mwana. Ankaledzera padoko n'kumaimba ngati abulu. Zonong'onazo wazitola kuti?"

Madala onse kuseka. Ine manyazi, ndangothamangira mkati.

Mkatimo ndapeza china. Pamwamba pa kashelefu kaja M. wapachika chithunzi cha ababa. Chakale chija, akadali achinyamata, atavala jekete yoyera ndi magolovesi, atanyamula thileyi ku kalabu ya Angerezi. Wachikulitsa, wachiika mu felemu yakuda. Pansi pake walemba m'Chingerezi kuti banja lathu lakhala likupereka tiyi wa chingerezi kuyambira kalekale.

Chithunzi chimenecho ababa ankachisunga pansi penipeni pa sutikesi, atachivundikira. Nkhani yake tonse tinakula nayo. Magolovesiwo ankawaveka kuti khungu lawo lisakhudze kapu ya mzungu. Atachoka kumeneko analumbira kuti adzatsegula malo awoawo, amene munthu angamenye tebulo, kutsutsana ndi mnzake mpaka mawu kusasa, n'kumwa tiyi wogwiridwa ndi manja a munthu. M. amaidziwa nkhaniyi kuposa ine, ndi iye ankaikonda kwambiri tili ana. Lero munthu wamoyo wamuchotsa, wapachika chithunzi chimene mwiniwake amadana nacho.

Ndikanachitsitsa pomwepo, koma wachikhomera pamwamba, ndipo makwerero wabisa.

Lamulungu, 12 Novembala

Tayambana kukhitchini mpaka operekera athawira panja.

Ndamukhuthulira zonse. Kuti akutsanzira anthu amene sanawaonepo. Kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kuti malemu amayi akanakhalapo akanamukwapula ndi patapata pamaso pa makasitomala ake onong'onawo. Iye osakweza mawu ngakhale pang'ono, chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Waphunzira mpaka kukangana mwa chingerezi.

"Achemwali, mankhwala a ababa tizigula ndi chiyani? Ndi phokoso la madomino? Madala aja ankakhala tsiku lonse pa tambula imodzi. Inu mukudziwa."

Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndamugenda ndi chopukutira mbale.

Akuti ababa amaimitsa makasitomala pakhomo n'kumawafunsa kuti ndi ana a yani. Akuti tsiku lina anathirira mzungu shuga mu kapu asanapemphe, n'kumutakasira ndi supuni yawo. Mayi uja akaona zotero, chikwangwani chapita. Ndati chipite. Wati mukutero chifukwa operekerawa akasowa malipiro sabwera kudzalira kwa inu.

Ndamuuza kuti Lachinayi likangodutsa mpando ubwerere, apo ayi masikono akaitanitse ku Devon pamodzi ndi kirimu wakeyo. Wangotola chopukutira chija, wachipinda bwinobwino, wachiika patebulo. Kupinda kokhako ndikanamuluma nako.

Lachiwiri, 14 Novembala

Mvula yamphepo yochokera kunyanja tsiku lonse. Ndakwera pamwamba pa nyumba, ndaupeza mpando uli gada pafupi ndi thanki ya madzi, wonyowa ngati nkhuku. Ndauimika, ndaufunditsa thumba la ufa.

Ababa lero asiya kufunsa za penti. Amangokhala pawindo. Chakudya akungochitosatosa. Masana afunsa kuti amayi apita kuti, kenako adziyankha okha kuti oo, paja tinamuika. Ndiye andifotokozera tsiku la maliro lonse, ngati kuti ine kunalibe. Mmene anthu anadzera kudzapepesa ku ahwa, Medhat ataima pakhomo ndi suti yakuda kulandira chanza cha aliyense, shehe akuwerenga, ndi mmene iwo anayendera tebulo ndi tebulo kuchotsa shuga ndi manja awo, poti pamaliro anthu amamwa zowawa. "Tsiku lokhalo ahwa yanga inakhala chete," atero.

Zimenezo akuzikumbuka mbee. Zimene adya masana ano sakuzidziwa.

Lachitatu, 15 Novembala

Masikono ndaphika kachitatu. Oyamba akuti akula kwambiri, achiwiri akuti atsekemera ngati a Aiguputo. Ndamufunsa kuti wophikayo ndi wa kuti.

Mawa ababa akhala ndi mlamu wanga Nermin, mkazi wa M. Ndamuuza kuti akhome chitseko, kiyi asasiye poonekera. Ine Tahani, ndanena ndi pakamwa pangapa kuti abambo anga awakhomere m'nyumba. Ndiye ndikwiyire yani?

Lachinayi, 16 Novembala

Sindikudziwa poyambira.

Mayi uja, a Holroyd, anafika dzuwa litapendeka, nsapato zitanyowa. Ndinkayembekezera chimzimayi chotukula mphuno. Ayi, kamayi kokalamba, juzi yobooka pachigongono, Chiarabu chothyokathyoka koma chomveka. M. anavala suti yakuda, ataima pakhomo, aliyense wolowa kumugwira chanza mutu utawerama. Matebulo anawadzaza ndi anzake a Nermin, atawalangiza kale kuti avale zaulemu ndipo asakweze mawu. Chete wake, supuni ikagunda kapu aliyense amatembenuka.

Masikono ndinabweretsa ndekha. Mayiyo anadya awiri, eshta yambirimbiri, n'kundifunsa kuti kirimu ameneyu ndi wa kuti. M. anatsegula pakamwa, ine ndinamudula: njati ya Umm Reda. Mayiyo anaseka, anati ndi wokoma kuposa wa kwawo. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti muno n'mwachingerezi kuposa ku England komwe. Akuti tiyirumu ya kumudzi kwawo imakhala ndi agalu onyowa pansi pa matebulo, ana akulira, mwiniwake akukuwa ali kukhitchini, madala akukangana za mpira. Makatani ngati athuwa anawaona komaliza kwa agogo awo.

M. kumwetulira ngati wakhoza mayeso. Ine magazi kuwira. Ndiye kuti tathamangitsa madala athu, takhomera ababa m'nyumba, kutsanzira chinthu chimene kwawo komweko kulibe?

Ndisanameze zimenezo, chitseko chinatseguka. Ababa. Galabeya yonyowa m'mapewa, ndodo m'manja. Nermin akuti anangolowa m'bafa pang'ono. Kiyi anaibisa mumphika wa pamwamba pa kabati, momwe amayi ankabisa makiyi moyo wawo wonse.

Anaima pakhomo. Ndinaona maso awo akuyenda. Medhat wa suti yakuda pakhomo. Operekera a zakuda. Anthu owerama osayankhula. Matebulo opanda shuga. Nkhope yawo inagwa. Anawongola galabeya, anagwira dzanja la Medhat ndi manja awiri.

"Wokhala mpaka kale ndi Mulungu yekha, mwanangu. Limba mtima."

Kenako anayamba tebulo ndi tebulo, dzanja pachifuwa, kuthokoza anthu pobwera kudzatipepesa, monga amachitira anamfedwa. Ena anayankha mawu a pamaliro asanaganize n'komwe, pakamwa pamangodziyankhira. A Holroyd nawo anaimirira, anawagwira chanza akumwetulira, osadziwa chikuchitika.

M. anandiponyera maso akuti atulutseni. Ine sindinasunthe.

Atamaliza anatembenuka kufuna mpando wawo. Anapeza kashelefu. Anakweza maso. Chithunzi chawo, felemu yakuda. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pang'onopang'ono pa kampando ka maluwa kamene kanali pafupi, ndodo pakati pa mawondo, n'kundikodola.

"Tahani, ndiye kuti ndi ine?"



Sanalire, sanaope. Anayang'ananso chipinda chonse, nkhope ndi nkhope, n'kuyankhula motsitsa ngati akuchita manyazi.

"Anthu awa sindikuwadziwa. Girgis sanabwere? Ngakhale mmodzi mwa anzanga? Moyo wanga wonse ndawathirira tiyi." Anayang'ananso chithunzi chija. "Shehe nayenso simunamuitane. Nanga chithunzichi, mwanangu, china chinasowa?"

Sindikukumbuka mmene ndinafikira kukhitchini. Tambula yawo ndinaibisa kuseri kwa matumba a ufa tsiku limene M. anataya zinzake. Ndinathira tiyi wakuda bii, ndinanyamula chitini chonse cha shuga wophikira, ndinachiika patebulo anthu onse akuona. Masupuni atatu. Ndinatakasa mwaphokoso dala, supuni ikugunda tambula kuti mpaka kwa Fathi amve.

"Lawani, ababa. Pamaliro pamakhala shuga?"

Analawa. Analawanso.

"Ayi," anatero. "Pamaliro sipakhala shuga."

Anamwa yense, mokoka ndi phokoso monga amachitira, m'chipinda chimene munalibe wopuma. Atamaliza ndinawagwira mkono, tinatuluka. M. anali akadali pakhomo, dzanja lija ababa analigwira lili lende. Sindinamuyang'ane kumaso, chifukwa ndikanamulavulira.

Kunyumba ababa adya mbale yonse ya mpunga, agona ngati mwana. Ine mtima ukadali m'mwamba.

Lachisanu, 17 Novembala

Nermin waimba m'mawa. Mayi uja watumiza uthenga, tapambana, chikwangwani chikubwera. Akuti anakonda zonse, makamaka agogo aulemu aja opatsa moni alendo. M. wangowerenga n'kuvundikira foni patebulo.

Masikono lero sindinaphike.

Dzuwa litapendeka ababa avala. Ndati zivute zitani, ndikuwatenga, ndipo woti anditchingire pakhomo ayambe watsanzika kwa mkazi wake. Njira yonse ndimakonza mawu omulasa nawo. Tafika, mpando uli pamalo pake, wopukutidwa. Kashelefu kachoka. Chithunzi chachoka, pakhoma patsala msomali wokha. Mawu anga onse aja asowa kolowera.

Ndati lowani ababa, mpando wanu uwo. Akana. Aima panja, akusuzumira pakhomo.

"Muno munali maliro dzulo. Asiye anthu alire. Tiye kwa amoyo."

Awoloka msewu okha, ine ndikuthamanga pambuyo kuimitsa magalimoto. Kwa Fathi madala onse aimirira, a Girgis akukuwa kuti bisani madomino, mbava yachira chimfine. Malo anali odzaza. A Girgis amafuna kuwapatsa mpando wawo, ababa akana, ati sakhala pa mpando wofunda ndi munthu wobera masewera.

Ndipamene ndaona M. akutuluka mu tiyirumu, suti yomweyo ya dzulo itachita makwinya, mpando paphewa, akuzemba magalimoto. Wautula pafupi ndi a Girgis, osayang'ana munthu. Ababa akhala, asisita pogwirira paja pamene manja awo anasalaza, kenako amuyang'ana M. kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Sanamuzindikire.

"Zikomo, mnyamata. Ndiwe wa pamaliro paja? Pepa. Womwalirayo anali ndani wako?"

Madomino asiya kulira. Medhat waweramitsa mutu. Masiku onsewa ndakhala ndikulakalaka kumuona zikumuwawa. Ndamuona. Sizinandikomere ngakhale pang'ono.

Ababa amukoka mkono wa suti.

"Khala pansi. Fathi, mupatse tiyi mwanayu, uthire shuga wambiri. Wowawa wamwa dzulo, wakwana."

Kutsidyako tiyirumu inali yotsegula, anthu awiri ataima pakhomo kudikira wowalandira. M. wakhala pa bokosi la mabotolo pafupi ndi mapazi a ababa. Wagwira tambula ndi manja awiri, imamuotcha, koma sanaitule.